Buku la Mbusa King Lonena za Anthu Amene Anakana Kukwera Basi

Mwa mabuku ofotokoza za kugonjetsa choipa popanda nkhondo, ndi owerengeka amene angapose buku lotchedwa Stride Toward Freedom, limene Mbusa Martin Luther King analitulutsa m'chaka cha 1958. Linalembedwa m'Chingerezi, koma mphunzitsi amene afuna kusimbira ana nkhani yake m'Chichewa adzapezamo nchito yaikulu ya kusankha mau, ndipo pa chifukwa chimenechi bukuli liyenera malo m'masamba ano.

Nkhani yake ndi iyi. Mu mzinda wa Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku America, anthu akuda ankakhala kumbuyo kwa basi, ndipo Mzungu akasowa pokhala iwo anayenera kunyamuka. Pa 1 December 1955 Mai Rosa Parks anakana kunyamuka, namangidwa. Pa 5 December anthu akuda a mumzindamo analeka kukwera mabasi, nakhala osakwera masiku 381, ena akuyenda pansi kumka kunchito, ena akunyamulana m'magalimoto a anzao. King, amene anamsankha kukhala mtsogoleri wao, anali wa zaka 26 zokha. Wowerenga adzadabwa poona kuchepa kwa zimene anapempha poyamba: kuti oyendetsa mabasi azilankhula nao mwaulemu, kuti wofika msanga azikhala msanga, akuda kuyambira kumbuyo ndi Azungu kuyambira kutsogolo, ndi kuti anthu akuda alembedwe nchito yoyendetsa mabasi a m'njira zao. Za kuthetsa tsankho lenilenilo sananene. Kuuma mtima kwa akulu a mzinda ndiko kunakulitsa mlandu.

Pamene bukuli lakoma koposa ndi pa usiku wa 30 January 1956. King ali kumsonkhano ku tchalitchi, anthu anaponya bomba pakhonde la nyumba yake, mkazi wake Coretta ndi mwana wao wakhanda ali m'katimo. Mwa mwai sanapwetekedwe. Pofika iye anapeza khamu la anthu okwiya, ena ali ndi zida, ndipo anaimirira pakhonde lophwanyikalo nawauza kuti abwerere kwao ndi zida zaozo, asabwezere. Wolemba sanakometsere mau pamenepa. Wasimba zinthu motsatana monga zinachitikira, monga achitira mboni yabwino pabwalo la milandu, ndipo mphamvu ya nkhaniyo ichokera m'kusakometsako. Chokoma china nchakuti sabisa kufooka kwake. Avomera kuti pambuyo pa bombalo anakapempha chilolezo chosunga mfuti m'galimoto, ndipo anamkaniza. Pambuyo pake ndi pamene anazindikira kuti sangatsogolere gulu lokana chiwawa iye mwini ali ndi chida. Mwana wa sukulu akhulupirira msanga munthu amene anachita mantha nawagonjetsa kusiyana ndi munthu amene amnenera kuti sanaopepo.

Mutu umene King afotokozamo chiyambi cha maganizo ake uli wolemera ndithu. Maina a Thoreau, Marx, Niebuhr ndi Gandhi atsatana ngati mndandanda wa mabuku a mayeso, ndipo nkhani imene inali kuyenda bwino iima njii. Komabe m'mutu womwewo muli mfundo imene womasulira ayenera kuisamala. King anenetsa kuti njira yake si ya anthu amantha, ndi kuti cholinga chake si kuchititsa mdani manyazi koma kumkopa akhale mnzako. Tsono mphunzitsi akati anthu a ku Montgomery anali "ofatsa" kapena "oleza mtima", ana adzamva za munthu wongopirira, wokhala chete pomwe amponda. Anthu aja sanakhale chete: anakana lamulo, nalanda kampani ya mabasi ndalama zake tsiku ndi tsiku. Mau oyandikira ndi akuti "kukana kosabwezera", ndipo liu loti "kukana" lisasiyidwe. Vuto lina lili pa "chikondi". King asiyanitsa mau atatu a Chigiriki, eros, philia ndi agape, nanena kuti chimene apempha ndi chachitatucho, ndiko kufunira munthu zabwino ngakhale mtima sumkondwera. Chichewa chinena zonsezi ndi liu limodzi, ndipo mwana akangouzidwa kuti akonde womponyera bomba adzayesa mphunzitsi wake wabodza.

Zolakwa za bukuli zili m'zimene lachepetsa. Mutu umodzi susenza denga, koma wowerenga wosachenjera angatseke bukuli akuyesa kuti denga lonse linali pamutu pa abusa. Mai Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa pa Alabama State College, ndiye anachezera usiku kusindikiza timapepala zikwizikwi toitanira anthu kuti aleke mabasi. Dzina lake lilimo, koma kukula kwa nchito ya amai a gulu lake kunaoneka bwino m'buku lake la iye mwini la 1987. Bayard Rustin, amene anafika mu February 1956 naphunzitsa King zambiri za njira ya Gandhi, sanatchulidwe nkomwe.

Chinanso chofunika kuchiyang'anitsa ndi mathero a mlanduwo. Tsankho la m'mabasi silinathe chifukwa mitima ya akulu a mzinda inatembenuka ai. Linatha ndi mlandu wa Browder v. Gayle, umene loya Fred Gray anasuma m'dzina la akazi anai, mmodzi wa iwo mtsikana Claudette Colvin. Bwalo lalikulu la America linagamula pa 13 November 1956, tsiku lomwelo limene bwalo la ku Montgomery linaletsa magalimoto onyamulana aja. King asimba tsikuli monga chipulumutso cha Mulungu, ndipo nkosavuta kumva chifukwa chake. Koma wophunzira mbiri aone kuti mapazi a oyenda pansi ndi mapepala a loya zinagwira nchito pamodzi. Ngakhale atapambana, mtendere sunadze msanga: mabasi anawomberedwa mfuti, ndipo pa 10 January 1957 matchalitchi anai ndi nyumba ziwiri za abusa zinaphulitsidwa ndi mabomba. Izi wolemba sanabise, ndipo mphunzitsi wosimba nkhaniyi kwa ana asalekezere pa tsiku limene anthu anakweranso basi.