Mau Osemedwa pa Mtengo: Za Chigoba cha Mbaula

M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, pa Mishoni ya Mua, muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Adazisonkhanitsa ndi Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976. Bambowo, amenenso adalemba buku la When Animals Sing and Spirits Dance (2012), adalongosola m'mene zilombo zina zinkanenera Dr. Kamuzu Banda mokuluŵika. Chimodzi mwa izo ndi Mbaula.

Ganizo langa ndi lakuti mmisiri wa chigobachi adayamba wasema mau asanakhudze mtengo. Mbaula ndi chiŵiya chofunditsa, ndipo ife kuno ku Nthalire, kumene mphepo ya ku Nyika imaluma mu Juni ndi Julayi, sitichita kuuzidwa ubwino wake. Koma mbaula imadya makala kosalekeza, ndipo woiyandikira kwambiri amapsa. Tsono nkhope yofiira ija ndi nyanga zake ntchito yake ndi kumanga matanthauzo aŵiriŵa pamodzi, kuti lina lisathaŵe. Mkulu wa chipani akadafunsa, akadayankhidwa kuti tikutamanda wotifunditsa, ndipo palibe akadanama.

Apa mpamene wophunzira zaumulungu ayenera kuima pang'ono. Kodi mau apaŵiri si bodza lovala bwino? Thomas Aquinas Woyera adakana bodza lamtundu uliwonse, komabe adalola kubisa choona mwanzeru (Summa Theologiae II-II, funso 110). Mneneri Natani sadayambe ndi kutchula Davide. Adayamba ndi nkhani ya mwanawankhosa wa mmphaŵi, mfumu nidziweruza ndi pakamwa pake (2 Samuele 12). Kusiyana kulipo, ndipo si kochepa ai: Natani adatsiriza ndi kuloza chala, pamene wosema sakadatha kutero. Jack Mapanje adabisala mwa bilimankhwe m'ndakatulo zake za 1981, koma adamtsekerabe ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Wosema adapulumuka pakuti analibe dzina loti apolisi alembe. Chala chidadzalozedwa poyera ndi Aepiskopi m'kalata yao ya Lenti, pa 8 Malichi 1992.

Chimene chimandivuta ine ndi kumasulira. Kwa ife akuno, kumene kulibe dambwe ndipo anthu amalankhula Chitumbuka (chimene boma lomwelo lidachichotsa pa wailesi mu 1968), kulongosola kwa Bambo Boucher nkofunika ndithu. Popanda iko tikadaona nyanga zokha. Koma mwambi ukamasulidwa, tanthauzo limodzi limameza linzake. Woŵerenga amatsala ndi wopondereza yekha, osamvanso kufunda kokoma kumene kudakokera anthu ambiri, ena mwa iwo akhristu athu, kufupi ndi motowo kwa zaka 30. Munthu woonera pabwalo ankamva ziŵiri zonsezo nthaŵi imodzi, ndipo ankaseka akucheukira kumbuyo kuti aone amene wamuona akuseka.