Mafunso Oyesera Kuiwala kwa Okalamba: Kuunika MMSE ndi MoCA m'Chinyanja cha mu Lusaka

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mapepala awiri a mafunso amene madokotala amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati wokalamba wayamba matenda a dementia, amene anthu wamba amangoti kuiwalaiwala kapena kusokonezeka mutu. Loyamba ndi Mini-Mental State Examination, mwachidule MMSE, limene Marshal Folstein, Susan Folstein ndi Paul McHugh anasindikiza mu 1975. Lachiwiri ndi Montreal Cognitive Assessment, mwachidule MoCA, la Ziad Nasreddine ndi anzake, la mu 2005. Lililonse lili ndi malikisi 30. Tikuwaunika monga momwe tingaunikire cholembedwa chilichonse chomasuliridwa, ndipo funso lathu ndi ili: mafunsowa akatembenuzidwa m'Chinyanja, n'kufunsidwa kwa nkhalamba ya mu Lusaka imene inabadwira kwina, amayesa chiyani?

Nkhalamba zimene tikunena ndi machona amene anachoka ku Nyasaland ali anyamata ndi atsikana, makamaka m'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Ena anagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba za azungu, ena anasoka zovala, ena anayamba malonda, ndipo lero akusungidwa ndi ana awo ku Kabwata kapena ku Chelstone. Pamaso pa anthu a m'tauni, onsewa ndi olankhula Chinyanja. Koma chiyankhulo chimene ambiri a iwo anayamwira ndi Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chitonga cha ku Nkhata Bay. Zotere zinachitikiranso Aluya a ku United States, amene boma linkawawerenga ngati azungu mpaka mu March 2024. Ofufuza monga Kristine Ajrouch, amene amagwira ntchito pakati pa Aluya okalamba a ku Michigan, akhala akudandaula kuti umoyo wa anthuwa unkabisika m'ziwerengero za azungu. Dzina loti "wolankhula Chinyanja" limabisa machona athu m'njira yomweyo.

Tiyeni tione mafunso enieniwo. MMSE imafunsa kuti ino ndi nyengo yanji. Olemba ake ankaganiza za nyengo zinayi za kwawo, ndipo womasulira wosasamala amaika "dzinja" pamalo pa nyengo yozizira, chonsecho dzinja lathu ndi nyengo ya mvula. Funso lina limauza munthu kutchula malembo a liwu lina chobwerera m'mbuyo. Kodi adzatsata kalembedwe kati? Ku Zambia timalemba "c" pamene ku Malawi amalemba "ch", kotero kuti liwu limodzi lili ndi malembo ochuluka mosiyana kutsidya lino ndi kutsidya ilo la Mchinji. Mayi amene sanapondepo m'kalasi amataya malikisi amenewa, kuphatikizapo a kuwerenga lamulo lolembedwa ndi a kulemba chiganizo, asanayambe n'komwe kuyesedwa za kukumbukira.

MoCA ili ndi vuto limene ophunzira malamulo a chiyankhulo angalione msanga. Imauza munthu kutchula mau oyamba ndi lembo limodzi, ndipo amapambana akafikitsa 11 pa mphindi imodzi. M'Chingerezi, lembo loyamba ndi mbali ya tsinde la liwu. M'ziyankhulo zathu, lembo loyamba nthawi zambiri ndi mphatikiram'mbuyo wa gulu la dzina. Woyesa akasankha "k", munthu angangondandalika kudya, kugona, kulima, kuphika, osatha. Akasankha "f", mau amakhala owerengeka. Malikisiwo akuchokera m'kapangidwe ka chiyankhulo, ubongo wa agogo usanakhudzidwe. Za chithunzi cha ngamila, chimene ambiri anangoimva m'Baibulo, sitichulutsa mau.

Funso limene likufunika kukhalapo nthawi ndi la kuchotsera 7 pa 100 mobwerezabwereza, limene lili m'mapepala onse awiri. Tiyerekeze mayi wa zaka 80 amene wagulitsa kapenta ndi nyemba kwa zaka zambiri pafupi ndi City Market. Amabweza chenji osalakwitsa, amadziwa amene anatenga katundu pa ngongole ndi tsiku lake, ndipo pamene ziro zitatu zinachotsedwa pa kwacha pa 1 January 2013, anawerengera ndalama zakale ndi zatsopano nthawi imodzi m'mutu. Masamu akewo amawachita ndi manambala a Chingerezi, monga amachitira aliyense pamsika, ndipo nthawi zonse amakhala masamu a kanthu kogwirika. Womasulira wokonda Chinyanja chenicheni akalemba kuti yankho loyamba ndi "makumi asanu ndi anayi kudza zitatu", walimbitsa funsolo koposa momwe Folstein analilembera. Apa kukhulupirika ku chiyankhulo kwasanduka kupondereza wodwala.

Izi si zachilendo pa yunivesite ya Zambia. Mu 1979 Robert Serpell anaonetsa kuti ana a ku Zambia ankaposa ana a ku England potengera zithunzi ndi waya, pamene a ku England ankawaposa pogwiritsa ntchito pensulo ndi pepala. M'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling, anafotokoza kuti kwa Achewa a ku Katete nzeru zimaphatikiza kuchenjera ndi kutumikira. MoCA imayesa kukonza nkhani ya sukulu poonjezera malikisi amodzi kwa amene anaphunzira zaka 12 kapena zocheperapo, ngati kuti wa Fomu 5 ndi amene sanagwirepo choko ali pamzere umodzi. Mbali inayo, mphunzitsi wopuma wa ku Woodlands kapena Kabulonga angathe kupambana MMSE matenda atayamba kale, chifukwa mafunsowo ndi a m'kalasi mmene anakalambira.

Njira zabwinoko zilipo. Community Screening Interview for Dementia, imene inagwiritsidwa ntchito poyerekeza Ayoruba a ku Ibadan ndi anthu akuda a ku Indianapolis, imafunsanso wachibale za mmene wokalambayo akuchitira ntchito za tsiku ndi tsiku. Mayeso a IDEA, amene anakonzedwa m'boma la Hai ku Tanzania, amagwiritsa ntchito timitengo ta machesi m'malo mwa pensulo. Komabe kwa machona, ngakhale umboni wa wachibale uli ndi malire. Kawirikawiri wodwala dementia wodziwa ziyankhulo zingapo amayamba kutaya zimene anaphunzira atakula, n'kubwerera ku choyamwira. Mwana wake wobadwira ku Chelstone, amene amalankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanizika ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, akamva bambo ake akulankhula Chitumbuka usiku, adzauza namwino kuti ayamba kubwebweta. Oyandikana nawo nyumba angagwiritse ntchito liwu lina loopsa kuposa limenelo, ngakhale kuti lamulo la Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pa mapepala onse amene taunika, palibe funso lokhala ndi malikisi limene limafuna kudziwa chiyankhulo chimene wodwalayo ankalankhula ndi amayi ake.