Alangizi Amene Salanda Mthiko

Mu Ogasiti 1907, Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona nawo m'matenti pachilumba cha Brownsea ku England. Anawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse kotsogoleredwa ndi mnyamata mnzawo. Nzeru imeneyi ikadalipo m'misasa ya ma Scout, ngakhale kuno ku Malawi, ndipo alangizi amene amaisunga ndimawalemekeza kwambiri.

Luso lawo lagona pa kuugwira mtima. Amaona mwana akulimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli m'maso, nsima ikuchita mibulu, koma samulanda mthiko. Amamuonetsa kamodzi kamangidwe ka mfundo yolimbitsa tenti, n'kupita pambali. Si zophweka ayi kwa munthu wamkulu! Msasa usanathe, mtsikana amene anabwera wamanyazi ndiye akugawira anzake ntchito, n'kumayeza ufa kuti ufike Lamlungu.