Luso lomwetsa mitengo ya ku Melbourne

Mitengo ya elm ya mu Royal Parade ndi mu Fitzroy Gardens, mumzinda wa Melbourne ku Australia, yambiri yakhalapo zaka zoposa 100. Matenda amene anapululutsa inzake ku Ulaya ndi ku America sanafike kumeneko. Chimene chinatsala pang'ono kuimaliza ndi chilala cha kuyambira cha m'ma 1997 mpaka 2009. Boma litakhwimitsa malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka madzi, kuthirira kapinga kunachepa, ndipo mitengo yomwe inazolowera kumwa limodzi ndi kapingayo inayamba kufota. Pa 7 February 2009 kutentha kunafika madigiri 46.4.

Wosamalira mitengo amayamba ndi maso. Amayang'ana kunsonga, chifukwa ludzu limaonekera kumeneko: masamba ang'onoang'ono, m'mphepete mwake mopsa, tinthambi touma. Kenako amabaya nthaka ndi kachitsulo. Kakalowa mosavuta, chinyezi chilipo. Kakakana, mizu ili pamavuto. M'malo ena anakwirira tizipangizo toyeza chinyezi, kuti madzi apite kumene akufunikadi.

Funso lotsatira ndi lakuti madziwo athiridwe pati. Munthu wamba amathira patsinde, koma mizu ya pamenepo ndi yochirikiza mtengo basi. Timizu takumwa, tochepa ngati ulusi, tili kutali, pansi pa pomwe nthambi zathera ngakhalenso kupitirira, ndipo tambiri sitizama kuposa masentimita 60. Vuto lina n'lakuti nthaka youmitsitsa imakana madzi. Ukawakhuthula nthawi imodzi amangoyenderera pamwamba, monga amachitira pa ufa wouma, n'kuthawira mumsewu.

Apa ndi pomwe antchito a khonsolo ya mzindawu anachita zondigometsa. Anatenga zotchinga msewu zapulasitiki, zija amadzazamo madzi kuti zisasunthe pamene msewu ukukonzedwa, n'kuziika pansi pa mitengo. Galimoto ya thanki imafika, kudzaza chotchingacho ndi madzi osayenera kumwa anthu, n'kupitirira. Madziwo amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi. Dontho loyamba limanyowetsa pamwamba, lachiwiri limapeza njira yotseguka, ndipo pakatha maola angapo chinyezi chimakhala chafika pomwe pali timizu tija. Dalaivala sadikira, madzi satayika. Kuthirira kotere, kozama koma kwa apo ndi apo, kumaposa kuwaza tsiku ndi tsiku, komwe kumakokera mizu pamwamba pomwe dzuwa limaipsereza.

Zikatero, nthaka imaphimbiridwa. Nthambi zodulidwa amazigaya pamakina n'kumwaza tizidutswato mochindikala ngati masentimita 10, kuti dzuwa lisamwe chinyezi komanso udzu usalimbirane madzi ndi mtengo. Dzanja lodziwa ntchito limasiya kampata kozungulira thunthu, pakuti khungwa likakhala pachinyontho limawola. Feteleza sathira nthawi imeneyi, ndipo amadula nthambi zakufa kapena zoopsa zokha. Mtengo waludzu suyenera kukakamizidwa kuphuka.

Magalimoto sakanatha kumwetsa mzinda wonse mpaka kalekale, choncho khonsolo inatembenukira ku madzi a mvula othamanga m'ngalande. Pansi pa Fitzroy Gardens anamangapo thanki ya malita 5 miliyoni. Madzi a m'misewu yoyandikana amachotsedwa zinyalala ndi matope, amasefedwa, kenako n'kusungidwa kuti athirire mundawo. Kwina anangodula kampata m'mphepete mwa msewu, mvula ikagwa madzi azilowa m'dzenje la mtengo asanapite m'ngalande.

Mitengo yambiri inafookabe, ndiye akatswiri anayenda mtengo ndi mtengo kuyerekeza zaka zimene uliwonse watsala nazo. Mitengo pafupifupi 70,000 inapatsidwa nambala n'kuikidwa pamapu a pa intaneti, uliwonse ndi adiresi yake ya imelo yoti anthu azinenerapo nthambi zoopsa. (Ambiri m'malo mwake anayamba kuilembera mitengoyo makalata achikondi.) Kawuniwuniyu anaonetsa kuti mzinda unadalira kwambiri mitundu yochepa, makamaka elm ndi London plane, yomwe inkakalamba ndi kuvutika pamodzi. N'chifukwa chake ndondomeko ya khonsolo ya mu 2012 inati mthunzi wa mitengo m'malo a khonsolo ukwere kuchoka pa 22 peresenti kufika pa 40 pofika 2040, ndipo mtundu umodzi wa mtengo usapitirire 5 peresenti ya mitengo yonse.