Halqa pa Nsanja: Vuto la Malo m'Sewero la Tayeb Saddiki

Pamene Marun al-Naqqash anaonetsa sewero lake la al-Bakhil kunyumba kwake ku Beirut m'caka ca 1847, anatengera kwa Azungu kagawidwe ka malo: ocita sewero pa nsanja, oonerera m'mizere, maso onse kumodzi. Kagawidwe kameneka kakomera wotsogolera sewero amene alankhula ndi zithunzi, pakuti adziwa kumene diso lirilonse licokera, nayika munthu, kuwala ndi mthunzi pamene afuna.

Koma Aarabu anali nalo kale bwalo lao. Pa msika wa Jemaa el-Fna ku Marrakech wokamba nthano aimirira pakati, anthu namzinga. Bwalo lotere alicha halqa, ndipo liribe kutsogolo kapena kuseri. Amene anakulira pa bwalo la gule adziwa kuti pamalo potere woonerera aonanso nkhope ya mnzace wa tsidya linalo.

Mu 1967 Tayeb Saddiki wa ku Morocco anakweza halqa pa nsanja m'sewero la Diwan Sidi Abderrahman al-Majdoub. Nchito imeneyi iyamikidwa kawirikawiri monga kubwerera ku mwambo, koma ciyamikoco cilumpha funso limodzi: kodi ozungulirawo ndani? Ndiwo ocita sewero, amene ayerekeza kukhala khamu la pamsika. Woonerera weniweni, amene analipira pakhomo, atsala kunja kwa bwalo. Pamsika wokamba nthano akazizira, anthu amwazikana ndipo bwalo litha pomwepo. Mphamvu ya halqa iri m'ngozi imeneyo. Pa nsanja khamu silingamwazikane, cifukwa mayendedwe ace anakonzedwa kale. Halqa yasanduka cithunzi.

Sitikuti Saddiki anataya pacabe. Matupi a anthu atazungulira apanga malo popanda zipupa zopakidwa utoto: bwalo likatseguka, msika waonekera, likatsekeka, tiri m'kati mwa nthano. Kumeneku nkupindula kwa diso, osati kwa mwambo.

Saadallah Wannous wa ku Syria anadzera njira ina mu Haflat Samar (1968), sewero lonena za kugonja kwa Aarabu pa nkhondo ya 1967. Iye anakhazika ocita sewero pakati pa oonerera, kuti mkangano uyambire m'mipando. Cithunzi cimodzi coyalidwa bwino palibenso, koma nyumba yonse yalowa m'sewero, kotero kuti pamapeto, anthu a boma akatseka makomo, wolipira pakhomo uja nayenso watsekeredwa.