Loya amene amasankha bwalo ndi cholembera

Ku America, mlandu wa tsankho la pantchito umayamba kupendekeka woweruza asanauone n'komwe. Zambiri zimathera m'chikalata cha dandaulo, ndipo ine ndimagoma ndi loya wa ku California wodziwa kuchilemba.

Tinene kuti mayi wachotsedwa ntchito chifukwa cha khungu lake. Malamulo awiri akumuteteza: Title VII, la boma la chitaganya la 1964, ndi FEHA, la chigawo cha California. Wongoyamba kumene ntchito amalemba onse awiri kuti mlandu uoneke wolemera. Katswiri amayamba wawerengera. Akangotchula Title VII, kampani imakhala ndi masiku 30 osamutsira mlanduwo ku khoti la chitaganya, kumene anthu wamba ogamula mlandu amayenera kugwirizana onse. Ku khoti la chigawo, 9 mwa 12 akavomereza, zatha. Komanso Title VII imaika malire: chipukutamisozi cha kuvutika mumtima pamodzi ndi ndalama za chilango sizipitirira madola 300,000, kampani ikule chotani. FEHA ilibe malire otero. Choncho amasiya dala lamulo la chitaganya. Khoti Lalikulu la America linavomereza ufulu umenewu mu 1987, pa mlandu wa Caterpillar ndi Williams, kuti wodandaula ndiye mwini dandaulo lake.

Kampani imatsala ndi khomo lina. Ngati ili ya chigawo china ndipo ndalama zofunidwa zikuposa madola 75,000, ikhozabe kusamutsa mlandu. Apa m'pamene luso limaonekera. Loya akaika pa mndandanda wa oimbidwa mlandu bwana wa mayiyo, wokhala ku California komweko, khomolo latsekeka. Komatu sangamuike mwachisawawa. Khoti lalikulu la California linagamula mu 1998, pa mlandu wa Reno ndi Baird, kuti bwana payekha sazengedwa chifukwa chochotsa munthu ntchito mwatsankho. Amazengedwa ngati iyeyo ankamuzunza kapena kumunyoza. Dzina longoikidwa ngati chophimba m'maso, woweruza amalitaya.

N'chifukwa chake loya wotere amakhala pansi ndi mayiyo nthawi yaitali, osafulumira kulemba. Bwanayo anati chiyani kwenikweni? Tsiku liti, pamaso pa ndani, kangati? Mawu amene mayi anawameza ndi manyazi pamsonkhano wa ogwira ntchito amalembedwa ndime ndi ndime, ndi masiku ake, ndipo ndi amene amasunga mlanduwo m'khoti la kwawo.