Leguaan, Ng'azi ndi Gondwa

Liwu lakuti leguaan, limene limamveka m'Chingerezi cha ku South Africa ndi ku Zimbabwe, lidachokera ku Chidatchi, ndipo gwero lake ndi iguana, buluzi wa ku America amene kuno kulibe. Liwu limodzili limaimira nyama ziwiri zosiyana. Pomasulira, olemba ena amangoti "buluzi wamkulu", pamene ena amazitcha zonse ng'azi. Kumeneku ndi kusaukitsa chinenero. Ng'azi imakhala m'mbali mwa mitsinje ndipo imafukula mazira a ng'ona. Gondwa amakhala kumtunda, m'matanthwe ndi m'mphako za mitengo. Mwana wowerenga "buluzi wamkulu" m'kalasi adzataya mayina amene makolo ake adasiyanitsira nyamazi. Akonzi a mabuku ndi aphunzitsi asalekerere cholakwa chotere.